Mpope wa a Yesaya Namakhwa

A Yesaya Namakhwa anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma sanathyolepo tsamba ngakhale limodzi loti likalowe m'fakitale. Iwo anali akunazale ndi kominda yatsopano: kukumba mayenje, kubzala timitengo, kukwirira, kuthirira. Ukawapatsa tiyi wa m'kapu ankati amawatentha pamtima. Koma ukangowafunsa za dothi, funa pokhala, chifukwa dzuwa likulowera uli pomwepo.

Munthu wake ndi wamfupi, wamatewe, wadazi lomwe limayamba kutuluka thukuta mwini wake asanagwire khasu. Sukulu anailawa mpaka sitandade 3, n'kuona kuti mchere mulibe. Kwawo kobadwira ndi kwa Muhowa, kutsetsereka kuchokera pa Thekerani, kumene kudakali mlongo wawo Fainess ndi mbumba yonse. Koma mwamuna kuno sakalambira kwawo. Anakwatira a Alesi a kwa Nantchefu, ulendo wa ola ndi theka kumunsi kwa Muhowa, ndipo kumeneko ndi mkamwini mpaka lero, imvi zili mbuu m'makutu.

Atapuma ntchito, esiteti inawapatsa wailesi ndi masiku khumi oti atuluke m'nyumba ya antchito ya kumalaini. Wailesiyo anainyamula. Chimene sanathe kunyamula ndi mpope umene unali panja pa khomo lawo zaka zonsezo, umene ana ankauiwala uli chitsegulire.

Kwa Nantchefu kulibe zimenezo. Kumtunda tiyi amabiriwira chaka chonse, koma ukatsika phiri nthaka imasintha nkhope, imakhala ngati chikopa cha ng'ombe yofa ndi njala. Mjigo wa m'mudzimo unauma. Amayi ankapita kukafukula mchenga mu mtsinje wouma, kudikira madzi azisonkhana pang'onopang'ono ngati misozi ya munthu wosafuna kulira. A Alesi anali ndi nyonga yowawa, apa polumikizira mwendo ndi chiuno, chibadwire mwana wawo womaliza. Ankachoka kukucha, n'kubwera dzuwa lili paliwombo, ndowa pamutu, mwendo umodzi ukukokedwa ngati wobwereka. Tsiku lina anagwa nayo ndowayo atatsala pang'ono kufika. Sanalire chifukwa cha nyongayo ayi. Analirira madzi.

Ndiye kunabwera nkhani ya paipi. Kampani ina ya migodi inapeza miyala yake kuchigwa, kotentha kuja, ndipo miyalayo akuti siituluka popanda kusambitsidwa. Taonani zinthu: munthu alibe madzi osukusula, mwala ukufuna bafa. Anagwirizana ndi eni esiteti kuti atenge madzi pa damu la kumtunda n'kuwatsitsa m'paipi mtunda wautali, kudutsa kwa Muhowa, kwa Nantchefu, mpaka kukagwera m'thanki ya kumgodi. Woyang'anira ntchito ya paipiyi anali injiniya wina, Kingsley, wochepa thupi, wa magalasi, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuupepesa.

A Yesaya analembedwa nawo ntchito yokumba ngalande ya paipiyo. Kingsley ataona mmene ankakumbira, ngalande yowongoka ngati yojambula ndi rula, anawaika ukapitawo tsiku lachiwiri lomwe. Anawapatsa anthu makumi anayi, ambiri a iwo opuma ku esiteti, ndi chigawo choyambira kumtunda kwa Muhowa kukathera kwa Nantchefu.

Tsiku lina Kingsley anapeza a Alesi atakhala m'mbali mwa ngalandeyo, akupuma ndi ndowa yawo, akuyang'ana mapaipi atandandalikidwa.

"Mwanawe," anatero a Alesi, "madzi amenewa azidutsa pansi pa khonde langa, ine ndikuwamva kulira kwake, n'kumapita kumchenga?"

Kingsley anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Patapita sabata anaitana a Yesaya.

"Madala, ndalimbana nawo mabwana. Mpope m'mapulani mulibe, koma andilola umodzi. Umodzi wokha, musapite kukalengeza. Ndiuika kwa Nantchefu. Koma madzi ayambe afika kumgodi pa tsiku limene tinalonjeza. Akapanda kufika, za mpope muiwale."

"Afika, bwana," anatero a Yesaya. "Ngakhale kuwanyamula m'chipewa."

Kuchokera tsiku limenelo kwa Nantchefu anasiya kuwaitana kuti "amuna a Alesi". Anasanduka "akapitawo". Alamu awo amene kale ankawatuma kukamanga nkhokwe anayamba kuwasunthira mpando. Mkamwini akasunthiridwa mpando, mutu umakula, ndipo wa a Yesaya unali waukulu kale.

Tsono pa esiteti pali lamulo limene a Yesaya analimeza ali mnyamata: dzenje siligona. Ukakumba lero, ubzale lero, ukwirire lero, upondepo. Dzenje losiyidwa kukamwa limaumitsa dothi, ndipo mwini wake ndi waulesi. Aliyense wa gulu lawo lija anakulira lamulo lomwelo.

Mapaipi atatha kulumikizidwa, Kingsley anapita ku Blantyre kukatenga zitsulo za pampu. Ali m'galimoto kale anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, kwirirani paipi yonse, koma polumikizira paliponse musiye poonekera. Ndikabwera tidzathira madzi, tione ngati pena pakudontha."

A Yesaya anamva. Tisawanamizire ugonthi, anamva ndithu. Anakwirira, n'kusiya polumikizira. Mapaipiwo anali aafupi, ndiye mayenje otsala anaposa mazana asanu ndi atatu, atandandalika phiri lonse ngati mkamwa mwa nkhalamba. Mkuluyu akawayang'ana chakudya sichinkatsika. Tsiku lachitatu mbuzi ya munthu inagweramo n'kuthyoka mwendo.

"Akapitawo," anatero Dixon, mnzawo wakale wa kunazale, "ife tayamba liti kusiya ntchito chonchi? Anthu aziti a kutiyi akalamba."

"Bwana uja anati tisiye."

"Bwana uja ndi wa m'kalasi. Akuopa kuti titopa. Timudabwitse."

Anamudabwitsadi. Masiku anayi okha mayenje onse anakwiriridwa, n'kupondedwa, n'kusalazidwa. A Yesaya anatumanso anthu kukazula udzu wa vetiva n'kubzala pamwamba pake kuti mvula isadzakokolole, monga amachitira m'mphepete mwa minda ya tiyi. Ntchito yokongola, abale. Munthu sukanadziwa n'komwe kuti pansipo pagona paipi.

Kingsley atabwera anatsika m'galimoto, n'kuyang'ana kumtunda, n'kuyang'ana kumunsi, n'kukhala pansi pa fumbi ndi thalauzi lake loyera.

"Madala, mwandipha."

"Tamaliza, bwana."

"Mwandimaliza ineyo."

Anatsegula madzi ku damu. Zigawo zakumtunda zinayenda bwino. Atafika pa chigawo cha a Yesaya, kawotchi koyezera mphamvu ya madzi kanakwera pang'ono, kenako muvi wake n'kuyamba kugwa ngati mutu wa munthu wosinza m'tchalitchi. Kumgodi kunkafika kamkodzo chabe. Madzi ankathawira penapake pansi pa nthaka, pa chimodzi mwa zilumikizo mazana asanu ndi atatu zija, ndipo panalibe woona.

Linali Lolemba. Kingsley sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunawaopsa a Yesaya.

"Mabwana akubwera Loweruka. Madzi ndiwasiya akuyenda kuti podonthapo panyowe. Mukapapeza pofika Lachisanu, tikonza. Mukalephera, ndiitanitsa chimashini chofukula, chomwe mwina chifika mwezi wamawa, mwina winawo. Pamenepo ine ntchito yanga ili m'manja mwa Mulungu, ndipo mpope wanu palibe amene adzautchulenso."

Mbiri inafika kwa Nantchefu a Yesaya asanafike. Mpando uja sunasunthidwe. Mlamu wawo wina analankhula akuyang'ana nkhuku: "Tinkati tapeza mkamwini wa madzi, kani ndi wobzala udzu."

Lachiwiri anagawa anthu awo kuti afukule zilumikizo chimodzichimodzi. Koma dothi limene iwo eni analiponda mwaluso linali litauma ngati njerwa, ndipo vetiva uja anasokoneza pamene panali mayenje. Pofika madzulo anali atafukula makumi asanu, onse ouma. A Yesaya sanafunike sukulu kuti aone kuti Lachisanu lifika iwo asanathe ngakhale theka.

Tsiku lomwelo, anthu akadali kufukula, iwo anali atayamba kale kuyenda okha pamwamba pa paipi, opanda nsapato. Zaka za kunazale zinawaphunzitsa kuti dothi lonyowa silisunga chinsinsi. Limazizira kuphazi, nyerere zimasamuka, udzu umadzuka. Anayenda kuchokera kumtunda mpaka kwa Nantchefu, Okutobala akuwotcha dazi lija, akugwada, akununkhiza, akukanda ndi chala. Anthu m'njira ankati akuluwa zawazungulira. Lachitatu anabwerezanso, kuchokera kumunsi kukwera. Mapazi anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Sanapeze kanthu.

Masiku onse awiri anadutsa kwawo kwa Muhowa. Kumeneko paipi inadutsa kuseri kwa nyumba ya a Fainess, ndipo pamzere wake penipeni panali bafa latsopano la udzu, lalitali bwino. A Yesaya analilambalala maulendo awiri, maso kumbali, chifukwa munkamveka mawu a amayi. Mwamuna wolongosoka sasuzumira m'bafa, makamaka la mlongo wake.

Lachinayi masana mphamvu zinawathera. Anakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi bafalo, lilime litauma ngati chikwapu. Ali chikhalire anaona njuchi. Sizinkapita kumaluwa, pakuti maluwa kunalibe. Zinkatsikira m'bafa muja, n'kumatuluka, n'kumabwera zina. Kenako kunabwera mayi wina ndi ndowa m'manja, akuigwedeza mopepuka, n'kulowa. Patapita kanthawi anatuluka nayo ili pamutu, khosi litauma ndi kulemera.

A Yesaya anakhala tsonga. Chibadwire chawo, munthu amalowa m'bafa ndi ndowa yodzaza n'kutuluka nayo yopanda kanthu. Bafa la kwa Muhowa linkagwira ntchito chobwerera.

Anaimirira n'kupita pakhomo la mlongo wawo.

"Odi, achemwali."

A Fainess anatuluka akupukuta manja pa chitenje. Ndi aakulu kwa a Yesaya ndi zaka zitatu, ndipo ndi amene anawabereka kumbuyo mayi awo ali kotchola tiyi. Anawayang'ana mapazi, n'kulowanso m'nyumba, n'kubwera ndi chikho chodzaza. Madzi oyera, ozizira, opanda mchenga. A Yesaya anamwa onse asanafunse kanthu. Ludzu lilibe manyazi.

"Madzi okoma," anatero. "A kumchenga?"

"Mwamwa, thokozani."

"Achemwali, m'bafamo muli chiyani?"

"Muli akazi osavala. Mukufuna mukaone?"

"Ndayenda masiku atatu. Mwandiona ndikudutsa pano ngati galu wotayika, inu muli chete?"

A Fainess anakhala pa khonde, n'kutambasula miyendo. "Tinaona Lolemba madzulo, pansi pakuda. Mwana wanga Lizzie anakandapo ndi khasu, madzi n'kutumphuka. Mukanakhala inu mukanatani? Tinamanga bafa tsiku lomwelo. Nyumba khumi ndi imodzi zikumwa pamenepo, achimwene. Adzukulu anu asamba thupi lonse koyamba chichokereni Ogasiti. Mdzukulu wanu uja wa Jean, amene ankatsegula m'mimba osaleka, wayamba kudya."

"Si madzi anu."

"Ndi a ndani? A miyala?"

A Yesaya anafotokoza zonse: za Loweruka, za chimashini, za mpope umodzi wa kwa Nantchefu. A Fainess anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye chimashinicho chibwera mwezi wamawa kapena winawo?"

"Anatero."

"Basi, ndi zomwe tikufuna. Tisiyireni mpaka mvula igwe. Masabata asanu, asanu ndi limodzi. Inu simunaone kanthu, munaona bafa."

"Mpope ukapita sudzabweranso. Alamu anu nyonga ija..."

"Alamu anga ali ndi abale awo. Ife m'bale wathu ndi ndani? Mwini mbumba pano ndinu. Tikadwala timatumiza kwa inu, maliro akagwa amadikira inu. Kwa Nantchefu mukafa lero, mawa akupatsani mphasa yanu mubwere nayo kuno. Mudzagona apo," analoza kumsitu wa manda, "osati pansi pa mpope."

Amayi aja anali atatuluka m'bafa, ataima chapatali ndi ndowa zawo. Onse a Yesaya ankawadziwa maina, ena anawatcha okha.

"Achimwene," anatero a Fainess motsitsa mawu, "sindinakupempheni kanthu zaka zonse munali kumalaini. Ngakhale shuga."

A Yesaya anatsika phiri. Anafika kwa Nantchefu dzuwa litapendeka, n'kupeza a Alesi atagona chammbali pa mkeka, ndowa ili pambali, madzi ake ofiira osafika ndi theka lomwe. Tsiku limenelo mchenga unakana.

"Bambo a Anesi, mwapeza?"

Akanatha kunama. Pakamwa panatseguka kuti bodza lituluke, koma a Alesi anali akuyesa kudzuka kuti awapatse madzi ofiirawo, dzanja lili pa nyonga, mano ataluma mlomo.

"Ndapeza. Pali kwa achemwali. Akumwa pamenepo."

A Alesi anagonanso pa mkeka paja. "Ine sindikuuzani chochita," anatero. "Mukadzandikwiyira pambuyo pake, ndilibe kothawira ndi mwendo uwu."

Lachisanu m'mawa Kingsley anawapeza atakhala pa mulu wa mapaipi otsala, chipewa chili m'manja.

"Bwana, mipope iwiri siingatheke?"

"Madala, umodzi womwewo ndinachita kugwada."

"Nanga wongobwereka? Mpaka mvula?"

"Ndikabowola paipi popanda chilolezo, andichotsa, n'kutseka yonse iwiri. Bwanji mukufunsa? Mwapapeza?"

A Yesaya anapinda chipewa chija, n'kuchitambasula, n'kuchipindanso.

"Tiyeni kwa Muhowa."

Atafika, amayi anali atadziwa kale, chifukwa galimoto imamveka ili kutali. A Fainess anaima pakhomo la bafa manja ali m'chiuno. Sanamuyang'ane Kingsley n'komwe.

"Mwabwera nawo, achimwene."

"Ndabwera nawo, achemwali."

"Gwetsani nokha. Asagwire wina."

Anagwetsa okha. Mkati munali kachitsime kozungulira, koyalidwa miyala bwinobwino, madzi akubwata pansi ngati mphika. Kingsley anati atumize uthenga ku damu atseke, koma a Yesaya anamugwira mkono.

"Bwana, dothi ili ndi lonyenga. Tikatseka msanga sitiona pomwe akutulukira. Ndifukula ndekha, pang'onopang'ono."

Kingsley anayang'ana amayi aja, n'kuyang'ana a Yesaya, n'kunena kuti wayiwala kanthu m'galimoto. Anakhalamo mpaka masana.

Munthu amene ankakumba mayenje zana dzuwa lisanafike pamutu, tsiku limenelo dzenje limodzi linamutengera maola asanu. Ankatapa fosholo imodzi, n'kupuma, n'kukonza chipewa. Amayi ankatunga. Anadzaza ndowa, zigubu, miphika, mabeseni, mtondo, ketulo ya tchalitchi, mpaka mabotolo a mafuta ophikira. Anasambitsa ana onse, ofuna ndi osafuna. Zotungira zitatha, a Yesaya analibenso chozengerezera. Anafika pa paipi. Kamphira ka polumikizira kanali katapindika, kanthu kochepa ngati chibangili cha mwana. Madzi anatsekedwa, kamphira kanasinthidwa, ndipo atatsegulanso muvi wa kawotchi kaja unakwera n'kuima njii.

Loweruka madzi anagwera m'thanki ya kumgodi mabwana akuombera m'manja. Patatha sabata ziwiri mpope unaima kwa Nantchefu, mayadi makumi awiri kuchokera pakhomo la a Alesi. Tsiku lotsegulira kunali nthungululu, ndipo mpando unasunthidwanso. A Yesaya anati mutu ukuwawa, n'kukagona.

Amayi a kwa Muhowa anayesa kutsika kudzatunga pa mpopewo. Eni mudzi sanawakanize, anangoti alendo azitunga eni ake akatha. A Yesaya anasuzumira pawindo n'kuona mlongo wawo, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, ali kumapeto kwa mzere padzuwa, ndi ulendo wa ola ndi theka wokwera phiri ukumudikira. A Alesi anatuluka kukawaitana kuti alowe m'nyumba. A Fainess anayankha kuti zikomo alamu, pano pali bwino. Sanabwerenso. Anabwerera kumchenga.

A Yesaya anagulitsa wailesi ija n'kupeza njinga yakale ya kabaza, yopanda mabuleki akutsogolo. Mabuleki alibe nawo ntchito kwenikweni, poti popita sakwera. M'mawa uliwonse amadzaza zigubu ziwiri, n'kuzimanga pakaliyala, n'kuyamba kukankha chokwera, matewe aja akupalasa fumbi, akupuma pa mtengo uliwonse wa mthunzi. Zigubu ziwiri pa nyumba khumi ndi imodzi, muwerengere nokha. Dixon akakumana nawo amawakuwa kuti, "Akapitawo, kampani yanu ya madzi ikulemba anthu liti?" Iwo alibe mpweya woyankhira.

Novembala watha, kumwamba kuli mbee. Mwana wa Jean uja wayambiranso m'mimba.

Akafika kwa Muhowa amapeza zigubu za dzulo zili pakhonde, zopanda kanthu, zotsukidwa bwino. Amatsitsa zodzaza, n'kumanga zinazo, n'kuima pang'ono chipewa chili m'manja.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?"

M'nyumbamo mumamveka munthu akusuntha mbale. Madziwo amamwa. Moni ndiye sanayambe kuyankha.